Mlendo wa M'ntchafu Mwanga

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala ndikuwotcherera zitsulo
pansi pa bulugamu, kuseri kwa msika wa ku Ulongwe:
mafelemu a mawindo, zitseko za magolosale, ngolo za ng'ombe,
ndipo palibe chinatulukapo pakhomo panga chili maliseche.
Chitsulo chosapaka ndi ndiwo ya mvula.
Ndinkamuuza Zefelino tsiku ndi tsiku,
penti wofiira ali m'chigubu chodula pakati:
dzimbiri silinena odi, mphwanga, limangolowa.

Ndiye linafika Lachinayi lija la mu Juni,
nkhungu itaphimba msewu wa ku Domwe,
lole ya mbatatesi, njinga yanga yamoto,
ndi kulira komwe ndinakumvera m'kati, osati kunja:
thyo!
ngati nzimbe pa bondo.

Mlatho wa Zambezi ndinauwoloka chagada.
Ndinangoona zingwe zake zikudutsa pawindo.

Ku Tete ngakhale usiku umatuluka thukuta.
Dona Ilida, dotolo wa mawu ochepa,
anaimika chithunzi changa pakuwala,
fupa lili pawiri ngati abale olimbirana munda.
Tiikamo chitsulo, anatero.
Ndinaseka, ululu uli pomwepo.
Mayi, magazi ine ndinawalawapo, ndi amchere.
Ponyani msomali m'madzi amchere,
mudzaufune Loweruka.

Sanakwiye. Anakoka mpando.
Anati dzina lake ndi titaniyamu,
koma nayenso salowa m'thupi wopanda chovala,
pakuti thupi ndi mudzi wokayikira alendo:
likaona nkhope yachilendo limatupa, limatentha,
limamanga mpanda wa mnofu kuzungulira mlendoyo
mpaka agwedere ngati dzino.
Choncho amamuveka malaya opyapyala kuposa khoko la anyezi,
osakaniza ngati dothi la mmisiri:
ufa wa mtundu womwewo umene fupa limadzimangira,
zomatira kuti malayawo asasuwe,
ndi kasiliva kochepa, koti tizilombo tisamangepo msasa.
Fupa likanunkhiza limati, uyu ndi wa kwathu,
n'kuyamba kumukwera.

Ndinafunsa: amapaka kangati?
M'makona amafikamo?
Anandiyang'ana nthawi yaitali, nati,
inu mukadakhala wa ntchito imeneyi.

Miyezi isanu ya ndodo ziwiri.
Malita akuwerenga mametikali pa mphasa, kuwabwereza,
ngati angaswane akawagwira kawiri.
Makina anga owotcherera ali duu pansi pa lona.
Usiku ndinkaika dzanja pa chipsera
kumvetsera ngati muli ndewu.
Munali zii.

Chithunzi chachitatu ndicho ndinapempha kupita nacho kwathu.
Mukudziwa momwe mtengo umamezera waya
amene munthu anamangirira pa thunthu n'kuiwala?
Choncho.
Fupa langa litakumbatira chitsulo,
malire osaoneka bwino kuti ine ndathera pati.

Kwinakwake, kudziko lomwe sindingalitchule bwino,
kuli munthu wovala zoyera amene anapaka chitsulochi.
Sanandionepo. Sadziwa kuti ndimakonda chinangwa chootcha,
kuti ndili ndi ngongole kwa a Bizaliyele.
Koma sanadumphe kona.
Mmisiri mnzanga, ntchito yako ndimayendera.

Kukazizira, mlendoyo amanong'ona pang'ono, sindinama.
Ndimatsimphina pokwera chitunda cha ku tchalitchi.
Ndipo tsiku lomwe adzandiike m'nthaka yofiira ya kuno,
chiswe chikadzamaliza zake,
iye adzatsala yekha, ali ngwee,
chitsulo chokhacho cha pakhomo panga
chomwe sindinachipake ndine.

Dzulo ndinamupeza Zefelino akuthamangitsa burashi,
kunsi kwa chitseko kuli mbee, akuti kumeneko saonako munthu.
Sindinakalipe.
Ndinagwira dzanja lake lopenti,
n'kuliika pa ntchafu yanga yakumanzere.
Ndinati, kuno nakonso saonako munthu.
Tembenuza chitsekocho.